Malasha a Kaputeni

Pakhomo pa nyumba imene tinkachita lendi ku Lewisham, m'dziko la Angerezi, panali chivundikiro chachitsulo chozungulira, chojambulidwa nangula. Ndinkachidumpha popita kusukulu. Aphunzitsi anatiuza kuti nyumbayo anamanga ndi kaputeni wa sitima zapamadzi wa nthawi ya atsamunda, munthu amene anayamba kuyenda panyanja ali wosauka, n'kudzalemera ndi malonda a malasha. Ankawatumiza kumadoko akutali kuti sitima za Angerezi zisazime moto panjira. Pachivundikiro paja m'pamene ankathirira malasha a m'nyumba mwake, n'kumagwera m'chipinda chapansi.

Nditawafotokozera amalume, anangoti, "Ndiye kuti ndi yemweyu ankasonkhezera moto sitima zodzatilanda dziko."

Chaka chimenecho kunazizira moopsa. Tinali atatu m'chipinda chimodzi: amayi, ine, ndi mng'ono wanga wakhanda. Bambo anali kundende kumudzi, nkhani za ndale. Hita yotenthetsa m'chipindamo inafa, landilodi osabwera, ndipo amayi ankaopa kudandaula poti mapepala athu okhalira m'dzikomo anali asanalongosoke. Mwana anayamba kutsokomola, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Amayi ankamukulunga m'zitenje zonse zimene tinali nazo, kumufungata m'kati mwa jekete, koma tizala take tinali tozizirabe. "Andifera m'manja mwanayu, achimwene," ankatero amayi amalume akabwera.

Amalumewo ndi amene anathyola loko wa chipinda chapansi m'mawa wina. Anapezamo mulu wa malasha wokutidwa ndi fumbi. Kaya analidi a kaputeniyo, kaya a anthu ena obwera pambuyo pake, ife tinangoti ndi ake. Anaboola chitini cha penti ndi msomali, basi mbaula yatheka. "Wayamba kubweza mzunguyu," anatero akupemerera moto. Ine ndinavina, zoonadi, ndinavina kuzungulira chitinicho. Amayi anatseka mipata ya windo ndi nyuzipepala, pansi pa chitseko n'kukanikizapo thaulo kuti kutentha kusathawe. Amalume anapita kuntchito, ine kusukulu.

Lero ndikudziwa kuti utsi wa malasha m'chipinda chotseka umapha. Kwathu mbaula imayaka pakhonde, kapena m'khitchini yaudzu momwe mphepo imalowa n'kutuluka. Nyumba ya njerwa ya kaputeni sinkapuma. Koma ndani akanawauza amayi zimenezi? Mpaka pano magazi amandiwira ndikamva wina akuti kunali kupusa. Mayi woona mwana wake akuuma ndi chisanu angakane moto?

Nditaweruka kusukulu ndinagogoda, zii. Ndinakankha chitseko, thaulo likukanira. M'chipindamo munali mofunda bwino, kwa nthawi yoyamba chisanu chonsecho, mukununkha utsi wowawa pammero. Amayi anali gone pansi pafupi ndi bedi, mwana ali pachifuwa pawo, timasaya titafiira ngati wachira. Ndinawagwedeza, ndinawakoka mkono, ndinakuwa, "Amayi! Amayi inu!" Mayi wachizungu wa m'chipinda chapamwamba ndi amene anatsika, kuphwanya windo, n'kuitana ambulansi.

Amayi anatuluka m'chipatala okha. Anthu akutchalitchi anandiuza kuti mng'ono wanga wapita kwa Yesu, ine n'kumafunsa kuti abwerako liti.

Windo analikonza, hita nayo, koma chisanu chonse chotsalacho amayi sanalole kuti litsekedwe. Chipale chofewa chinkawaza mpaka pabulangete. Ndinkalira, kuwachonderera, mpaka kuwanena kuti sandikonda. Iwo ankangolisiya lotsegula. Ndikangotsinzina, ankabwera mwakachetechete, kundiika chala pansi pa mphuno, kudikira, kenako n'kuchotsa. Ine ndinkaganiza kuti akuona ngati ndili ndi chimfine.