Mapazi Obwereka

Okutobala akafika, msewu wathu ku Ilford, kudziko la Azungu komwe tinkakhala, unkanunkha ngati zipatso zoiwalika m'chikwama. Fungolo linkachokera m'galaja ya a Gennaro, agogo achitaliyana oyandikana nafe, amene ankagula mphesa mabokosimabokosi n'kumapanga vinyo monga ankachitira atate awo ndi agogo awo kwawo. Pabanja pawo panali lamulo: mphesa zoyamba woziponda azikhala mdzukulu, wopanda nsapato.

Chaka chimenecho mdzukulu wawo Luca anakana. Anati n'zonyansa, ndipo vinyo ngwosasowa m'mashopu. A Gennaro anangokhala pakhomo la galaja, mphesa zikufewa, tintchentche tikuchitapo msonkhano. Tsiku lina anasuzumira pampanda n'kuyang'ana mapazi anga ngati munthu wogula mbuzi.

Ndinene poyera kuti pa ntchito zonse zimene ndinayambapo, kuphatikizapo koleji, iyi yokha ndi imene ndinaimaliza. Ndinalowa mumgolo wawo wa mphesa. Mphesa zinali zozizira, zikuphulika pakati pa zala, madzi ake akukwera mpaka mu akakolo, agogo akuimba nyimbo yakwawo atandigwira mkono kuti ndisagwe.

Vuto linali amayi. Anali namwino komanso mayi wa mapemphero, ndipo kwa iwo mowa unali mowa ngakhale usanabadwe. Ndinakhula mapazi ndi sopo wotsukira mbale, koma kuphazi ndi zikhadabo zinafiirabe. Amayi atabwera kuchokera ku shifiti anagwira phazi, analitembenuza mwaukatswiri, anafunsa ngati likuwawa. Kenaka analinunkhiza.

Anandikoka mpaka kugalaja.

"Bambo, mwana wanga mwamuviika mumowa?"

"Wanga wakana, mayi," anatero a Gennaro. "Ndikadzafa, mumgolomu adzadzalamo maluwa."

Amayi anayang'ana mgolo, kenaka ine. Ndinayamba kupepesa m'Chingerezi, monga ndinkawayankhira pa chilichonse masiku amenewo, iwo akundilankhula Chichewa.

"Loweruka abweranso," anatero amayi. "Koma asalawe. Ndipo azisamba kaye, mapazi amenewa ndimawadziwa ndine."

Ine ndinaganiza kuti amayi achita manyazi, poti mkuluyo anali ndi imvi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkanyadira kuti ndinapulumuka chikwapu chifukwa cha imvi za eni. Lero ndikuona kuti m'galajamo anakumana anthu awiri ochokera kutali, aliyense atasenza katundu wakwawo, ndipo pakhomo palibe mwana wofuna kuwatula.