Ndinawasankhira Balaka

Mng'ono wanga anakwatiwa ndi mwamuna wowotcherera zitsulo. Kwa zaka zingapo ankakhala pamudzi pathu pomwe, kumunsi kwa Mua, paukamwini, ndipo alamu ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku Mtakataka kumene anali ndi kashedi ka malata. Ntchito inali ya apo ndi apo: lero chitseko, mawa ngolo yothyoka, magetsi akazima n'kumangocheza ndi ogulitsa nsomba. Chaka china titangokolola, alamu anapita kwa amalume kukapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wawo ndi ana awiri akakhale kutauni. Amalume analola.

Kumtunda sankakufuna. Mng'ono wanga ndi mwana wa m'chigwa chotentha ngati ine, ndipo atapita kumaliro ku Dedza boma mwezi wa Juni anabwerako ndi chifuwa cha milungu itatu. Choncho maso awo anali kummwera: Blantyre, Zomba, Mangochi kapena Balaka. Madzulo alionse ankakhala pakhonde pa amayi n'kumakangana za matauniwo.

"Ku Blantyre ndiye kuli ntchito," ankatero alamu. "Nyumba iliyonse ikufuna geti."

"Ndipo msewu uliwonse uli ndi owotcherera khumi," ankayankha mkazi wawo. "Inu mukakhala wa nambala leveni."

"Nanga ku Mangochi?"

"Kuthawa udzudzu n'kupita kwa udzudzu? Bola tingokhala."

Ine ndinkakhala chapambali ndikutikita miyendo ya amayi. Ndine woyamba kubadwa. Amuna anga anamwalira kale, amayi anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo palibe amene anandiuzapo kuti ndisachoke pamudzi, chifukwa aliyense ankadziwa kuti sindingachoke. Awiriwo ankatchula mayina a matauni ngati anthu osankha nsalu m'sitolo, iyi ayi, iyo kapena. Ine ndinkamva chinthu chikundidya pansi pa nthiti, koma ndinkachitcha kutopa.

Ku Zomba ndinapitako kamodzi kokha, ndili ndi zaka za m'ma makumi atatu, pa msonkhano wa amayi a mpingo. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu mjigo umayamba kulira usanatulutse dontho, ndipo madzi ake amakoma mchere. Kumeneko ndinaona madzi akuyenda okha m'ngalande m'mbali mwa msewu, kuchokera kuphiri, opanda wowapopa, opanda wowadikira pamzere. Mitengo inakumana pamwamba pa msewu. Kunkatentha ndithu, koma kutentha kwa ulemu, kosiya munthu agone. Ndinaima pakamlatho ndi chikwama changa n'kunena mumtima kuti, Ambuye, kodi anthu ena mumawakonda chonchi? Kuyambira tsiku limenelo, akamawerenga m'tchalitchi za msipu wobiriwira ndi madzi opumulirapo, ine ndimaona Zomba. Sindinauzepo munthu.

Pabanja pathu pali mwambo umene anatisiyira malemu bambo athu, amene anali mphunzitsi wa katekisimu. Nkhani yaikulu sigamulidwa mpaka wina atachita novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi, ndipo wopempherayo ndiye amayamba kulankhula chimene wachipeza mumtima. Bambo atapita, ntchitoyo inagwera ine. Ndine amene ndimatsogolera mapemphero pa mphakati wathu, ndipo anthu amabwera kwa ine mwana akamalemba mayeso kapena mayi woyembekezera akapitirira masiku. Ndiye tsiku lina mng'ono wanga anandipeza ndikupeta mpunga.

"Achemwali, ife tatopa kukangana. Tipemphereni. Kumene munene, tipita komweko."

"Iwe, ine ndine mneneri?"

"Mneneri ayi, koma mawondo anu ndi okhakhala kuposa athu."

Ndinaseka, n'kuvomera.

Ndinkadzuka tambala atalira kachiwiri, n'kugwada pamphasa kolona ili m'manja. Tsiku loyamba lomwe ndinadziwa yankho. Sindinganene kuti ndinamva mawu, koma nzeru wamba zinali poyera: ku Zomba kuli masukulu a ana, kuli chipatala chachikulu, anthu akumanga nyumba, alamu sangasowe chowotcherera, ndipo kuzizira kwake si kwa kumtunda kwathu. Koma ndikangoganiza mng'ono wanga ataima pakamlatho kaja, atsikana ake atavala masokosi oyera, mikanda ya kolona inkaima m'zala zanga. Iye amene ndinam'bereka kumsana amayi ali kumunda. Iye amene sadziwa n'komwe kuyamba nyimbo ya pa maliro. Ndinkafunsa Mulungu ngati antchito a m'fanizo aja amene anagwira kuyambira m'mawa, dzuwa lonse likuwathera pamsana, n'kuona obwera madzulo akulandira chimodzimodzi. Koma kwa ine sichinali chimodzimodzi n'komwe. Wobwera madzulo ankapatsidwa mzinda, ine beseni losambitsira amayi.

Nkhani ya abale amene anaponya mng'ono wawo m'dzenje chifukwa cha mkanjo wokongola ndaiphunzitsa ana kambirimbiri. Ndinkaikumbukira m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadziuza kuti ine sindikuponya munthu m'dzenje, ndikungofuna akhale pafupi ndi amayi. Pofika tsiku lachisanu ndinali nditapeza dzina loti ndidzanene. Balaka ndimakudziwa bwino, timapitako pa minibasi kukagula zinthu. Kuli malambe omwewa, fumbi lomweli, dzuwa lomweli. Si koipa ayi, anthu amakhala ndipo amalemera. Koma kulibe chimene ndikanagona ndikuchilakalaka. Ndinatha masiku anayi otsalawo ndikupempha Mulungu kuti avomereze chimene ndinali nditasankha kale.

Tsiku lachisanu ndi chinayi linali Lachinayi. Tinakhala pakhonde, amalume ali pampando, amayi atatsamira khoma.

"Alamu, tanenani," anatero alamu anga. "Koma mukati Nsanje, ine ndikabwereka wopemphera wina."

"Mtima wanga wakhazikika pa Balaka," ndinatero.

Ndinaona nkhope ya alamu ikugwa, kenaka anaikonza msanga. Mng'ono wanga anayang'ana pansi, n'kuomba m'manja mwaulemu monga timachitira polandira mawu a akulu.

"Ine mumtima ndimati Zomba," anatero motsitsa mawu. "Koma mwapemphera ndinu. Mwina kuli chimene Ambuye akutipewetsa."

Amalume anati nkhani yatha. Mawa lake alamu anayamba kuimbira foni mnzawo wa ku Balaka kuti awafunire nyumba ndi malo a shedi.

Lamulungu tinapita ku Misa limodzi. Itafika nthawi yolandira Ukaristiya, anthu a pabenchi pathu anaimirira, ine ndinatsala pansi. Ndinapinda mawondo kuti adutse. Kwa zaka zonse ndinali ndisanakhalepo pansi pa nthawi imeneyo, ndipo pamudzi ngati pathu chinthu choterocho chimaoneka kuposa mbuzi yolowa m'tchalitchi. Ndinkakumbukira mawu aja akuti ukabwera ndi mphatso paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, uyambe wapita kwa iye. M'bale wanga anali patsogolo panga pamzere, atapinda manja, osadziwa kuti ali nane chifukwa.

Pobwerera mng'ono wanga anasiya ana atsogole ndi bambo awo. Tinayenda awiri m'kanjira ka m'minda ya thonje.

"Achemwali, mwadwala?"

"Ayi."

"Nanga mwayambana ndi ndani? Ndiuzeni ndikamutukwane, ine ndi wosamuka kale."

Ndinaima.

"Za Balaka zija sizinachokere m'pemphero. Ndinanena ndine."

Sanamvetse msanga. Ndinachita kubwereza, n'kuwonjeza kuti ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti Zomba ndiye kowayenera, koma sindinafune kuti iye akhale kumene ine ndinkakufuna. Ndinayembekeza kuti alira kapena akalipa. Anangothyola kamtengo kouma ka thonje n'kumakabenthula pang'onopang'ono.

"Masiku onse aja mumadzuka m'mamawa, ine ndimauza ana kuti asasokose, amayi aakulu akutipempherera."

Anataya kamtengo kaja, n'kupitiriza kulankhula.

"Mukanangondiuza kuti mukufuna kuchoka inunso. Mwina tikanaona chochita ndi amayi."

"Panalibe chochita."

"Mwina panalibe. Koma mukananena."

Anapitiriza ulendo, ine m'mbuyo. Kwa amalume anangonena kuti achemwali aganizanso, ndipo sanaulule china chilichonse, ngakhale kwa amuna ake sindikudziwa ngati ananena. Alamu amandiseka mpaka lero kuti foni yanga yakumwamba inalibe netiweki sabata imeneyo. Ndinakalapa Loweruka lotsatira. Anasamuka mvula isanayambe, pa lole ya munthu wina wa ku Golomoti, makina owotcherera atawakulunga m'bulangeti ngati wodwala.

Ali ku Zomba tsopano, chakumunsi kwa tauni, m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu yokhala ndi mpopi pakhomo. Amatumiza zithunzi pa foni. Ndimaziyang'ana nthawi yaitali kuposa m'mene ziyenera, ndimakulitsa ndi zala kuti ndione makatani, ndione mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Ndikanakonda kulemba kuti kulapa kunachotsa nsanje, koma kunangochotsa bodza. Nsanjeyo ilipo, ndimaipereka kwa Ambuye m'mawa, madzulo n'kuipezanso ili pakhomo.

Mng'ono wanga amandiimbira Lamulungu lililonse. Amafunsa za amayi, za mbuzi, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa, ndipo timaseka monga kale. Chaka chatha alamu anavulala diso pa ntchito, anagonekedwa m'chipatala masiku angapo. Ndinamva kwa mwana wawo wamkulu kuti amayi a pa mphakati wa kumeneko anachita novena. Ine mng'ono wanga anandiuza alamu atatuluka kale m'chipatala, diso likuona.

"Tinaopa kukudetsani nkhawa, achemwali," anatero. "Muli kale ndi amayi."

Ndinati zikomo, wachita bwino. Kenaka ndinapita kukatembenuza amayi, chifukwa mbali imene anagonera inali itayamba kuwawa.