Mbasela pa Fulashi ya Ukwati

Amayi anga sagula chinthu osapempha mbasela. Kaya ndi tomato, kapenta kapena nthochi za pamsewu pa Nyimba, wogulitsa akamaliza kulongedza iwo amangoima pomwepo mpaka awonjezere kena pamwamba. Ndili mtsikana zinkandichititsa manyazi. Pano sindinganene zambiri, nanenso ndinayamba.

Chaka chimene mng'ono wanga anakwatiwa ku Nyimba, atate sanabwere. Miyendo inali itatupa, ndipo msewu wochokera kwathu ku Sandwe si woti wodwala n'kugwedezeka nawo pa lole. Anatsala akung'ung'udza, atatilamula kuti tiwabweretsere ukwati wonse, kuyambira kutchalitchi mpaka keke. Aneba athu ali ndi TV ya sola yolowetsa fulashi, kachipangizo kosungiramo nyimbo ndi mavidiyo. Popeza ine ndimakopera anthu nyimbo m'mafoni pamsika wa Petauke, ntchitoyo inagwera ine. Ndinatolera mavidiyo kwa aliyense amene anajambula n'kuwaika mu laputopu yanga.

M'mawa mwake linali Lamlungu, masitolo ali otseka, ndipo amayi ankafunika kukwera minibasi kuti akapeze lole ya ku Sandwe isananyamuke. Pofunafuna fulashi yoikamo mavidiyowo, tinapeza bambo mmodzi yekha atayala katundu patebulo. Fulashi inatsala imodzi, ya magiga sikisitini. Mavidiyo anga anali pafupifupi twente.

"Ndiye tipatseni ya twente," anatero amayi.

"Ya twente kulibe, amai," anayankha bamboyo. "Ikachoka pa sikisitini ilumpha mpaka sate-thu, ndiye izo zinasila mailo, dzulo anagula zonse."

Amayi anaitembenuza fulashiyo ngati akuyesa kupsa kwa papaya.

"Chabwino, tigula iyi. Koma muikemo mbasela. Folo chabe."

Bamboyo anaseka mpaka anagwira tebulo, nanenso ndinalephera kudzigwira. Amayi sanasekeko.

"Museka chani? Wa tomato aikako, wa kapenta aikako. Imwe folo chabe yakuvutani?"

Ndinawafotokozera mmene ndimadziwira. Makinawa akamafuna malo amene asunga chinthu, amayenda ngati munthu panjira ya mphanda: kumanzere kapena kumanja, basi, yankho lachitatu palibe. Mphanda imodzi ikufikitsa kumalo awiri. Njira iliyonse ikagawikanso pawiri, malo akhala anayi, kenako eyiti, kenako sikisitini. Ukawonjezera mphanda ina, zonse zimawirikiza nthawi imodzi. Opanga nawonso akafuna chachikulu, chosavuta n'kuphatikiza tizipangizo tiwiri tofanana. N'chifukwa chake fulashi, memole ya foni, ngakhale makadi oyendetsa zithunzi m'makompyuta, kawirikawiri zimangolumpha choncho.

Amayi anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu. Ndinayamba kudzimva ngati mphunzitsi.

"Ndamva," anatero. "Ni anthu oumila. Akupatse zonse kawili kapena asakupatse olo kang'ono? Sanalelewe bwino."

Komabe sanasunthe pamalopo. Bamboyo atawona kuti mayi awa sachoka, anafufuza m'katoni n'kutulutsa kachingwe kofiira kokolowekera fulashi m'khosi. Amayi anakalandira ndi manja awiri, nkhope ili gwa, ngati alandira chimene chinali chawo kale.

Vuto linali lidakalipo. Tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera, laputopu ili pamiyendo panga, kondakitala akutiyang'ana ndi diso loipa. Ndinali ndi nkhawa zenizeni, chifukwa atate ndi munthu woti ukawabisira kanthu amadziwa. Ndinati tichotse nyimbo zina za kwaya, amayi anakana. Kuvina kwa operekeza akwati, anakana. Anthu akudya, anakananso, ati atate afunika kuona kuti alendo anakhuta.

Ndiye ndinatsegula vidiyo ya amalume, mchimwene wawo wa amayi, akupereka malangizo kwa akwati. Amalume akagwira maikolofoni sabweza. Tsikulo anayambira pa mbiri ya agogo awo, anadutsa pa mitengo ya feteleza, mpunga ukuzizira m'mapoto. Vidiyo yawo yokha inali yolemera kuposa ya kutchalitchi.

Amayi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Siya moni na pomwe anthu aomba m'manja. Zapakati chotsa. Ukaulula, sindine mai wako."

Zonse zinakwana, ndipo minibasi anaipeza injini ikulira kale.

Nditapita kumudzi mwezi wotsatira, ndinapeza atate ali kwa aneba, miyendo itasanjikidwa pa kampando, ukwati uli pa TV. Anandiuza kuti amauonera tsiku lililonse dzuwa likachajitsa batire.

"Koma alamu anga akalamba bwino," anatero. "Aimilila, apeleka moni, anthu aomba m'manja, akhala pansi. Chikwatilile m'banja muno sindinaonepo."

Amayi anali pakhomo akusenda nshawa, ndipo sanadzutse mutu.

Kenako atate anandipatsa limoti kuti ndipititse patsogolo. Panali kavidiyo kogwedezeka, kojambulidwa ndi munthu amene ankavinanso, kamene ine ndinangokopera osakaonera. Mng'ono wanga ali pakati pa bwalo, thukuta lili kamukamu, anatembenukira foniyo, n'kugwada ndi diresi lake loyera pafumbi pomwepo.

"Atate, muli kuona? Ndavinila na imwe!"

Atate anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Bwezanso, mwanawe," anatero.