Atelala ndi foni yozimitsa

Atelala a pakhonde la golosale amazimitsa foni akangomaliza kulankhula. Amaikulunga m'kansalu n'kuiika m'dirowa ya makina osokera.

"Foni ili ngati simbi," amatero. "Ukatha kusita suisiya ikuyaka."

Batire lawo limakhala mwezi wathunthu, ndipo amanyadira. Koma palibe amene amawapeza pafoni, choncho wowafuna amaimbira akalipentala oyandikana nawo, omwe amakapereka uthengawo osadandaula.

Tsiku lina mwana wamkazi wa atelala anali kuchipatala, mimba yoyamba, koma foni inali m'dirowa momwemo. Mkamwini wawo anaimbira akalipentala. Iwo anasiya sowo n'kukaima pafupi ndi makina.

"Achimwene, yatsani simbi yanu ija."

"Zavuta kuchipatala?"

"Yatsani basi."

Atangoyatsa, foni inalira. Mkamwini sananene zambiri, anangoyandikiza foni yake kwa khanda. Atelala anamvetsera kulirako kukamwa kuli yasa, phazi litaima pachopondera.

Foni itaduka, chala chinapita chokha pabatani lozimitsira, koma sichinadine.

"Batire litha, achimwene," anatero akalipentala.

"Lithe. Mwina kakhandako kaliranso."