Anakhazikitsa Ntchito ya a Ngalande

Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo, moyang'anizana ndi bwalo la khonsolo kumene amasungako mapaipi ndi mathirakitala akufa. Pakona pa bwalolo pali kanyumba ka zipinda ziwiri. M'menemo munkakhala a Ngalande ndi akazi awo.

Dzina lawo lenileni ankalitchula ndi akazi awo okha, ndiponso akakwiya. Ife tinkawaitana ndi ntchito yawo. M'mawa ankatuluka ndi wilibala, fosholo ndi chitsulo chachitali chokowera zinyalala, n'kuyambira kumtunda kwa msika kutsika nazo ngalande mpaka pa mlatho. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakweza mawu. Akapeza mayi akutaya makoko m'ngalande sankakalipa. Ankangoima n'kunena kuti, "Mayi, mwagwetsa katundu wanu," ndipo sankachoka mpaka mayiyo atatola.

Ntchitoyo sinali yawo. Mwini wake anadwala kalekale n'kupita kwawo, ndipo khonsolo inauza a Ngalande, amene nthawiyo anali aganyu, kuti agwirizire kaye. Inawapatsanso makiyi a kanyumbako kuti aziyang'anira zida. Mwini ntchito uja anamwalira, iwo anapitiriza kugwirizira. Ana awo anabadwira m'kanyumbako, anakula, anakwatiwa, bambo awo akugwirizirabe. Ogulitsa mumsika ankawaseka.

"A Ngalande, mkono sunatope? Chimene mukugwiriziracho tulani pansi!"

"Mwini wake akubwera," iwo ankayankha choncho.

Ankaseka nawo, koma nkhaniyi inkawadya. Wogwirizira amakhala m'nyumba ya khonsolo ngati mlendo. Wokhazikika yekha ndiye ankaloledwa kuti akapuma pa ntchito agule nyumba imene wakalambiramo. A Ngalande analibe kwina kolowera, poti malo a makolo abale awo anagawana kalekale. Chimene ankafuna chinali chimodzi, kuti awakhazikitse, kanyumbako kadzakhale kawo.

Khansala wa dera lathu anakulira mumsewu womwewu. Panalibe chibale, koma ankawaitana kuti malume. Akakumana nawo ankatsitsa galasi la galimoto.

"Malume, nkhani yanu ili pamtima panga. Ndalama zikangofika, oyamba ndinu."

Chaka china ndalama zinafikadi, za misewu ndi ngalande, ndipo khonsolo inaitana msonkhano woti aliyense akhoza kukamvera. Dzulo lake a Ngalande anabwera ndi jekete lawo.

"A Telala, bwezerani batani ili. Mawa kuli nkhani yanga."

Ndinawaperekeza. Tinakhala pa benchi ya kumbuyo, pansi pa fani yosazungulira. Anakambirana zosamutsa pokwerera mabasi, zosandutsa malo a kuseri kwa msika kuti akhale a masitolo, zokonza mlatho. A Ngalande anatchera khutu, chipewa chili pa bondo. Kenako wapampando anati, "Khonsolo yagwirizana kuti malo onse a ntchito amene akhala akugwiriziridwa akhazikitsidwe chaka chino."

Khansala anatembenuka, nawayang'ana, nagwedeza mutu. A Ngalande anawomba m'manja. Anawomba okha m'holo monse, mpaka mlonda wa pakhomo anawalozera chala kuti basi.

Panja khansala anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwamva nokha, malume."

"Ndamva, bwana."

"Bwana ndani? Ine ndine mwana wanu. Koma tamverani, mvula yayandikira, ndipo amene atipatsa ndalamawa akubwera kudzayendera. Ngalande ziwale."

"Ziwala."

Zinawaladi. Sindinawaonepo akugwira ntchito ngati masabata amenewo. Kuseri kwa butchala kunali ngalande yaikulu imene inatsekeka kalekale, imene aganyu ankaikana chifukwa cha fungo. Iwo analowamo mpaka m'chiuno. Ankabwerera dzuwa litapendeka, akutsokomola, ntchentche zili pambuyo. A ku butchala ankawakuwa kuti, "Abwana okhazikika akudutsa, patukani!" Iwo ankakweza fosholo ngati akuwapatsa sawatcha.

Akazi awo anabwera kwa ine ndi nsalu ya maluwa achikasu.

"Achimwene, mundisokere makatani."

"Makatani, achemwali? Zaka zonsezi mumatchinga ndi thumba."

"Nyumba ya eni ake ungaikemo makatani? Pano ndi yathu. Musoke bwino, osati zanu zija zopotoka."

Anathiranso simenti pansi, napaka laimu m'makoma. Alendo aja anabwera, anayendera ngalande, anayamikira, anajambulitsa ndi khansala pa mlatho, napita.

Mvula yoyamba itagwa, kapitawo wa khonsolo anafika pa bwalo ndi bambo wina wovala majombo atsopano. Ndinali nditawoloka msewu kukapereka makatani otsala, choncho ndinamva zonse.

"Madala, awa ndi amene alembedwa pa ntchito ya ngalande. Muwaonetse zida."

"Mwandipezera ondithandiza?"

"Ayi, madala. Awa ndi eni ntchito."

A Ngalande anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala za kapitawo.

"Iwe, ndinaliko ine ku msonkhano. Anati akhazikitsa."

"Anakhazikitsa malo, madala. Malo a ntchito, osati munthu. Malo akakhazikitsidwa amalengezedwa, anthu amafunsira. Pamafunika setifiketi, ndiponso zaka zili ndi malire. Inu malirewo munadutsa." Kapitawo anayang'ana pansi. "Ndipo wokhazikika amalowa ndi nyumba yomwe. Akupatsani mpaka kutha kwa mwezi."

Bambo wa majombo uja anavula chipewa. Anayang'ana makatani, nayang'ana amayi amene anaima pakhomo ndi tsache m'manja.

"Pepani, bambo. Anandiuza kuti nyumbayi mulibe anthu."

Bamboyo sanali wolakwa.

M'mawa mwake ndinatseka makina n'kupita nawo kwa khansala. Tinamudikira pa geti. Atatuluka, kumwetulira kunabwera mochedwa.

"Malume! Ndamva, ndamva. Zandipweteka kwambiri."

"Munati nkhani yanga ili pamtima panu."

"Ilipobe. Koma malume, ine ndinatchula dzina? Ndinati mwamva nokha."

"Pamene ndinkawomba m'manja paja, inu mumadziwa?"

Khansala anayang'ana makiyi a galimoto.

"Za khonsolo n'zovuta, malume. Si ine ndekha. Ndikanakuuzani tsiku lija mukanagwa mphwayi, ndiye alendo ali panjira, ngalande zili..."

Anadziletsa, koma zinali zitatuluka kale. A Ngalande anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti atukwana, ndipo ndikanawathandiza. Iwo anangovala chipewa.

"Tiyeni, a Telala."

Kunyumba akazi awo ndiwo analankhula.

"Amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Inu munapita nokha, ndi makutu anu awiri, n'kubwera nazo za m'maluwa zomwezo! Ndi inunso achimwene, munali pompo. Munkamvera chiyani?"

Tonse tinamva mawu amodzi, ndipo tonse tinamva zimene tinkafuna.

"Kamwana kaja ndinkakapukuta mamina pakhomo pano," anapitiriza amayiwo. "Lero kakukulowetsani m'zonyansa mpaka m'chiuno kuti kajambulitse. Abambo, lankhulani!"

"Ndilankhule chiyani, mayi? Yambani kumanga katundu."

Kutha kwa mwezi khonsolo inatumiza thirakitala yonyamula zinyalala kuti iwasamutse. Woyendetsa anati ndi khansala wapempha, ngati thandizo. Ngolo yake anali ataitsuka, koma fungo linalipobe. Tinayala makatoni pansi, tinakweza bedi, kabati ndi mipando. Amayi anakwera pamwamba atagwira galasi lodziyang'anira kuti lisasweke. A Ngalande anakana kukwera. Anayenda pansi pambuyo pa ngoloyo, kudutsa mumsika. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Ngalande zikuyenda bwino. Bambo watsopanoyu ndi wakhama, sindinganame, ndipo tikakumana amandipatsa moni mwaulemu.

A Ngalande akukhala kwa mkamwini wawo, kuseri kwa chigayo, m'chipinda chimene kale ankasungiramo makala. Mkamwiniyo ndi munthu wabwino, amawapatsa mpando wa pamthunzi. Masana a Ngalande amabwera kudzakhala pakhonde panga, ndipo sitilankhula zambiri. Dzuwa likapendeka ndimawaperekeza. Akafika pakhomo pa nyumba imene amagonamo amaima kaye, navula chipewa, n'kunena kuti, "Odi." Mwana wawo wawaletsa kangapo kuti, "Ababa, kuno ndi kwanu." Iwo amavomera ndi mutu, koma amadikirabe mpaka wina ayankhe kuti alowe.