Tianyezi ta Amake Tiffany

Mukafika ku South Bend n'kufunsa Mmalawi aliyense kuti a Evelina Kachingwe amakhala pati, sakuuzani nambala ya nyumba. Angoti mulowere chakumadzulo kwa tawuni, mukaona pakhomo posesedwa mpaka dothi kuwala, mwafika. Mayi amene uja ndi tsache simungawalekanitse. Anadzimangira okha la timitengo, chifukwa matsache a m'sitolo amati ndi osesera m'nyumba, pabwalo sagwira. Kapinga wa m'mbali mwa khoma anachita kumupala ndi khasu kuti pakhale dothi loti azisesa m'mawa uliwonse asanapite kuntchito.

Ine ndine Chrissie, ndimakhala ku Beech Grove, ulendo wa maola atatu kuchokera kwawoko. Tinadziwana kale ku Zomba, iwo akuphunzitsa pa pulayimale ya pafupi ndi kwathu, ine ndili mtsikana. Anabwera kuno kutsidya kwa nyanja mu 1987 kutsatira amuna awo amene ankaphunzira, mwana wawo Tiffany ali ndi zaka zinayi. Bamboyo anamwalira patapita zaka zisanu ndi zinayi. Kuyambira pamenepo a Evelina akhala akugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Mwana uja anamulera okha ndi mashifiti amenewo mpaka anakhala namwino ku Indianapolis. A Evelina salankhula zambiri, ndipo akakwiya simungamve mawu, mumangomva tsache likulira kwambiri panja.

Mu Julaye 2004 Tiffany anabwera ndi mnyamata wake, Hamilton, mwana wa konkuno, waulemu ndithu. Anati ukwati udzakhala mu Juni 2006, mnyamatayo akamaliza sukulu. A Evelina sanachedwe. Sabata yomweyo anali atalemba kale mayina a amayi oti adzaphike, oti adzalangize mwana, oti adzasankhe nsalu. Tiffany anamvetsera zonse mpaka kumapeto, kenako anayankha m'Chingerezi chake chofatsa chija kuti holo ili ndi ophika ake, ndipo pali mayi wina amene ntchito yake ndi kuyendetsa maukwati. Anati, "Mom, mwavutika mokwanira. Inu mudzangobwera."

Mwanayo ankanena mwachikondi, ine ndikudziwa. Koma tsiku lomwelo a Evelina anandiimbira foni, mawu ali pansi.

"Chrissie, mwana mmodzi yekhayo. Ndidzakhale mlendo pa ukwati wake?"

Zinandipweteka. Kwathu mayi wa mkwatibwi amafika tsiku la ukwati atatopa, miyendo itatupa, ndipo kutopako ndiye ulemu wake.

Patapita masabata angapo Tiffany anawaonetsa chithunzi cha maluwa amene ankafuna: obiriwira ngati kumwamba kukada pang'ono, ali ndi kadontho kachikasu pakati, phesi lake lowongoka. Anati dzina lake ndi Dutch iris, ndipo adzaitanitsa kwa ogulitsa maluwa. A Evelina anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati, "Amenewa ndidzala ndine." Tiffany anaseka, koma ataona nkhope ya mayi ake anasiya. Anavomera, n'kuwonjezera kuti zikadzakanika palibe vuto, adzagula.

Mbewu yake ndi timitu tonga anyezi aang'ono, ta khungu louma lofiirira, n'chifukwa chake a Evelina ankangoti tianyezi tanga. Chinawadabwitsa choyamba n'chakuti timadzalidwa mu Okutobala, kuzizira kukubwera, pamene chomera chilichonse chikufa. Kwa munthu wokulira kodikira mvula yoyamba, zimenezo n'zamisala. Komabe anatsatira zolembedwa pa paketi. Anakumba timaenje takuya ngati chikhatho, kansonga kuyang'ana kumwamba, anakwirira timitu makumi atatu toyesera. Kenako anachita zimene amachita masiku onse. Masamba a mitengo akagwa, ankasesa. Sinowo akagwa, ankamuchotsa ndi fosholo mpaka dothi lioneke, kuti tianyezi tisazizidwe. Mu Epulo panatuluka timasamba tinayi tokha, ndipo palibe kamene kanachita duwa. Atafukula anapeza timitu tofewa, tonunkha, tina titakankhidwira pamwamba ndi chisanu.

Amene anawatsegula maso ndi a Chester, mkulu wa nyumba yoyandikana nayo, wopuma pantchito ya m'fakitale. Anali ataonerera zonsezo pa mpanda osanena kanthu, mwina poopa tsache lija. Anawauza kuti maluwa amenewa kuzizira amakufuna, koma kwa ku South Bend kumapitirira muyeso. Dothi likakhala lamaliseche limauma gwa, kenako n'kusungunuka, n'kuumanso, ndipo timitu timafa. Mankhwala ake ndi kuphimbira ndi masamba ouma ochindikala, ndipo sinowo akagwa pamwamba osamukhudza, chifukwa ndiye bulangete lake. Chachiwiri, madzi asamaime pamene pali timituto.

Za madzizo a Evelina sanavutike nazo. Anaunda mizere ngati ya mbatata, a Chester n'kuvomereza kuti imeneyo ndi nzeru. Kuphimbiranso sikunali kwachilendo, kwawo ankaphimbira nazale ya fodya ndi udzu. Koma nazale imakhala kudimba. Apa ankauzidwa kuti aunjike zinyalala pakhomo penipeni, pamene mlendo aliyense amaponda, n'kuzisiya miyezi isanu. Anandiuza pambuyo pake kuti tsiku limene anathira masambawo, mu Novembala 2005, pamwamba pa timitu tatsopano mazana awiri timene anali atadzala, analowa m'nyumba n'kutseka makatani a kutsogolo. Ndipo chifukwa cha manyazi omwewo sanauze Mmalawi aliyense, ngakhale ine.

Apa ndiye pamene ndikulowa ine ndi manja anga osamva.

Ndinapita kukadya nawo Thanksgiving, holide ya kuno yothokoza imene imakhala Lachinayi kumapeto kwa Novembala. Ndinafika Lachiwiri kutada kale, sindinaone bwino panja. M'mawa mwake iwo analawirira kushifiti. Nditatsegula chitseko ndinaima kakasi. Masamba mulu, kuyambira pa masitepe mpaka pa kona ya nyumba, ena atayamba kale kuda. Pakhomo pa a Evelina! Mtima unandiwawa. Ndinati achemwali anga ntchito yawakulira, akukalamba, ndipo sakunena. Mlendo wabwino kwathu safunsa, amangotenga tsache. Ndinasesa ndi mtima wanga wonse, mpaka mizere ija inaonekera, ine n'kumati kodi mbatata zimenezi akufuna kudzala nthawi yanji. Ndinathira m'matumba, ndinanyamula pa galimoto yanga, ndinakataya kumalo kumene mzinda umalandira masamba. Ndinabwerako ndikuimba nyimbo.

A Evelina anafika cha m'ma 3 koloko. Anatsika m'galimoto, anaima, chikwama chili m'manja. Ine ndinali pakhomo ndikumwetulira, kudikira zikomo.

"Chrissie, masamba anga ali kuti?"

"Ndataya, achemwali. Musadandaule, inu muzipuma."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anakhala pa sitepe n'kundifotokozera zonse pang'onopang'ono, za chaka chathacho, za a Chester, za timitu mazana awiri tili pansi pa mapazi anga. Anamaliza ndi kunena kuti pa wailesi alengeza kuti mawa kuzizira koopsa kukufika. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Koma pakamwa panga sipakhala chete, ndinawafunsa kuti nanga bwanji osandiuza.

"Ndikanati chiyani? Kuti ndikusunga zinyalala?"

Tinayang'anana, ndipo tonse tinaseka pang'ono, ngakhale zinali zosaseketsa.

Kutaya masamba n'kosavuta, kuwapeza kumapeto kwa Novembala ndi nkhani ina. Mitengo inali itayoyoka kale, anthu ambiri atachotsa zawo. Kumalo kumene ndinakataya anali atatseka chifukwa cha holide. Ndiye tangoganizani amayi awiri aakuluakulu, zitenje pamwamba pa majekete, tikuyenda khomo ndi khomo kupempha zinyalala. Mzungu wina anatifunsa kawiri ngati wamva bwino. Wina anatilozera kuseri kwa galaja yake, tinakakokola tokha ndi manja masamba onyowa oundana. A Chester anatipatsa matumba awiri amene anasungira maluwa awo. Pofika madzulo tinali titaphimbira mizere itatu ya kufupi ndi khoma mochindikala, koma iwiri ya kunja inangopakidwa pang'ono. Lachinayi mphepo ya kunyanja inabwera monga analengezera, yolasa mpaka m'mafupa.

Miyezi yotsatirayo inali yongodikira. Palibe chimene munthu angachite, sungafukule kuti uone. Ndinkaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo tinkakamba za tchalitchi, za odwala awo, za mitengo ya zinthu m'masitolo a ku Lafayette Road, koma za tianyezi ayi. Amayi a ku South Bend anayamba kunong'onezana kuti a Kachingwe atayirira. Mmodzi anafika mpaka podzipereka kuti adzatumiza ana ake kudzayeretsa. A Evelina anangoyankha kuti zikomo, masambawo ali pantchito.

Kumapeto kwa Malichi anayamba kuchotsa masamba aja pang'onopang'ono, ndi zala, osati ndi tsache. Anandiimbira ali panja pomwepo. Anati mizere ya kukhoma yatulutsa timasamba towonda ngati ta anyezi, koma iwiri ya kunja ili zii. Sananene kuti ndi chifukwa cha ine. Sanafunikenso kunena.

Kenako panabwera nkhawa ya masiku. Duwa limeneli likatseguka silikhalitsa, masiku atatu kapena anayi lafota. Ukwati unali pa 3 Juni. Ena anatseguka msanga, pakati pa Meyi, n'kutha. A Chester anawaphunzitsa kudula m'mawa pamene kansonga kangoyamba kuonetsa mtundu, n'kuika m'madzi mufiriji kuti achedwe kutseguka. A Evelina anatulutsa ndiwo zonse mufiriji, sabata yathunthu ankadya buledi ndi tiyi. Tiffany ataimba kufunsa, anamuuza zoona, kuti okongoletsera matebulo sakwana. Mwanayo anati palibe kanthu, aitanitsa.

Lachisanu ndinapita kukatenga a Evelina ndi maluwa awo. Maluwa onse anakwana mu ndowa imodzi. Anaikhazika pakati pa miyendo yawo, ndipo msewu wonse wa 31, kudutsa Kokomo mpaka Indianapolis, ankandiuza kuti ndichepetse liwiro madzi akutayika. Usiku umenewo ndowayo inagona mufiriji yanga.

Loweruka m'mawa tinafika ku tchalitchi, chakufupi ndi dera la Speedway. M'khonde lopita kuchipinda chimene mkwatibwi ankavalira munali ndowa zisanu za ogulitsa maluwa. Anali maluwa omwewo, koma aatali, owongoka, ofanana ngati anachita kuyezedwa. A Evelina anayang'ana amenewo, anayang'ana awo. Awo anali aafupi, ena opindika, ena atatseguka kwambiri, ena akadali otseka.

"Chrissie, kabweze ndowayi m'galimoto."

"Sindibweza."

"Ndikuti kabweze. Tisamuchititse manyazi mwana."

Ine munthu wamkulu sindimutsutsa kawirikawiri, koma tsiku limenelo mtima unandikwera. Ndinawauza kuti ndinakokola zinyalala za azungu ndi manja angawa, zala zinachita dzanzi masiku awiri, ndiye maluwa amenewa mwini wake awaone kaye, akawakana akane yekha. Ndinanyamula ndowa n'kukankha chitseko ndi phewa.

Tiffany anali atavala kale, anzake akumukonza velo. Patebulo panali mtolo wake wa maluwa wochokera kusitolo, womangidwa bwino ndi riboni yoyera. Anatembenuka, anaona ndowa, anaona mayi ake ataima kumbuyo kwanga ngati mwana wolakwa.

"Anti, awa ndi a kunyumba?"

Ndinati eya, ndi omwe apulumuka.

Anawerama ndi diresi lakelo, anagwira duwa limodzi lopindika. Kenako anatenga mtolo wa kusitolo uja, anamasula riboni, maluwawo n'kupatsa mnzake kuti akaike pa tebulo lililonse limene angafune. Riboniyo anaipereka kwa mayi ake.

A Evelina anati samadziwa kumanga maluwa a ukwati. Tiffany anati amange mmene akudziwira. A Evelina anakhala pa mpando, anayala thaulo pamiyendo, anayamba kusankha limodzilimodzi, kuthothola masamba a m'munsi, kulinganiza mapesi. Misozi inkagwera pa thaulo, ndipo kawiri konse anamasula n'kuyambiranso. Mayi woyendetsa ukwati uja anagogoda n'kunena kuti nthawi yakwana. Anagogodanso kachiwiri, atagwira wotchi. Tiffany sanatembenuke n'komwe, anangoti, "Auzeni adikire. Mayi anga sanamalize."

Ukwati unachedwa ndi mphindi makumi awiri. Abusa, mkwati, oimba, ndi tchalitchi chonse chodzaza anakhala phee kudikira a Evelina Kachingwe kuti amange mfundo yomaliza.