Zimene Ndinkawauza Malume Loweruka

Chipewa chija chinali chofiira moderako, cha mzere wachikasu ndi kampira ka ulusi pamwamba. Chinali chachikulu moti chinkanditsika mpaka m'maso, ndipo chinkanunkha fodya wa m'galimoto ya malume. Anandigulira iwowo masamba atayamba kuyoyoka, ndili mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, n'kunena kuti mwana wa ku Washington sangayende wopanda mtundu wa timu ya mzinda wake. Ndinkagona nacho. Mayi ankachita kundivula ndili m'tulo kuti achichape.

Tinkakhala ku Alexandria, mzinda wa ku Virginia woyandikana ndi Washington, pansanjika yachitatu ya nyumba yanjerwa, momwe mapaipi otenthetsa zipinda ankagogoda okha kukazizira. Bambo ankachapa ndi kusita nsalu m'chipinda chapansi cha hotela ina yaikulu pafupi ndi mtsinje. Zala zawo zinali zosupuka ndi mankhwala oyeretsera nsalu, moti akandisisita patsaya ndinkamva kukanda. Ntchitoyo anawapezera ndi malume, mchimwene wawo wa mayi, amene anatsogola kubwera ku America ndipo ankagwira mu hotela yomweyo. Mapepala athu okhalira m'dzikomo anasainiranso ndi iwo.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, pabalaza pathu pankadzaza. Pankakhala bambo, malume, bambo wina wa ku Zambia amene ankagwira pa makina amodzi ndi bambo, ndi anzawo ena awiri a kuhotela. Ankabwera kudzaonera mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya. Bambo ankaunyoza kuti mpira wanji wothamanga nawo kukhwapa, koma ndi iwo ankayamba kukuwa timu yathu ikagoletsa. Za kwathu ku Malawi sizinkatchulidwa. Zaka zimenezo munthu ukalankhula mosasamala za boma la kumudzi, ovutika ankakhala abale ako otsala kumeneko. Ndiye lilime lonse limene ankalimanga pa nkhani za kwathu ankalimasulira pa nkhani za eni dziko. Pulezidenti wa America ankamutafuna mpaka kumulavula. Ankakangana za mtengo wa petulo, za mafakitale amene ankatsekedwa, za misonkho, ngati kuti mawa lake boma liwaitana kuti likamve maganizo awo.

"Kuno munthu umalankhula, alamu," malume ankatero, akumenya bondo la bambo. Aphunzitsi athu kusukulu ankanenanso zomwezo m'Chingerezi, atatiimika kutsogolo kwa mbendera. Ndinkakhulupirira onse awiri.

Kenako osewera mpira ananyanyala ntchito. Lamlungu linafika, TV inayatsidwa, m'bwalo munalibe munthu. Azibambo aja anapitirizabe kubwera, popeza mtedza wa mayi unalipo ndipo kwina kopita kunalibe. Mpira utasowa, nkhani inakhala ya kunyanyalako, ndipo amene anaikokera ku hotela anali malume.

"Ngati anthu olemera chonchija akunyanyala, ife tikudikira chiyani?" anafunsa.

Bambo wa ku Zambia anapukusa mutu. "Manje imwe, mwaiwala aja olondolera ndege amene ananyanyala? Chaka chatha chabe anawachosa nchito onse."

"Aja anali a boma," malume anayankha. "Ife lamulo lili kumbali yathu. Tingosaina makadi, bungwe la ogwira ntchito lilowe, basi."

Bambo anali munthu wosafulumira kuyankhula. Tsiku limenelo anafotokoza za kutentha kwa m'chipinda chapansi chija, mopanda zenera, ndi za mayi wina amene anapsa mkono pa makina ositira n'kuuzidwa kuti amange nsalu apitirize ntchito. Sabata yotsatira bambo anabwera ndi makadi m'thumba lam'kati la jekete. Amene anayatsa moto anali malume, koma amene anaunyamula anali bambo.

Pasanapite nthawi malume anasiya kubwera Lamlungu. Anati awasinthira masiku a ntchito. M'malo mwake anayamba kubwera Loweruka, kudzatenga ine.

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa ana anga omwe samvetsa ndikawauza. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, ndipo bambo, ngakhale atakubereka ndi kukudyetsa, sangaime pakati pa iwe ndi mchimwene wa mayi ako. Tinawoloka nyanja ndi mwambo umenewu ngati mmene tinawolokera ndi zitenje. Mayi ankandiuza kawirikawiri kuti, "Malume ako suwabisira kanthu." Ndipo ine sindinkafuna n'komwe kuwabisira. Ndinkawakonda kuposa munthu wina aliyense wamkulu. Ndi iwo okha amene sankandikalipira ndikayankha Chichewa chawo m'Chingerezi.

Tinkapita kumalo ena odyera ku Seven Corners, a mipando yofiira yomata m'miyendo. Ankandigulira chipisi ndi nkhuku, n'kumandijambulira papepala lopukutira m'manja mmene osewera amaimira m'bwalo. Ndikakhuta, mlomo uli noninoni, ankafunsa mosasamala, maso ali pawindo: "Nanga mphwanga, Lamlungu kunabwera ndani? Anakamba zotani madoda aja?"

Akatero ndiye kuti ayatsa wailesi. Kusukulu ankanditama kuti ndimasunga zinthu m'mutu, ndipo ndinkafuna malume aone okha. Ndinkatchula amene wasaina ndi amene akuzengereza. Ndinkanena kumene bambo amasunga makadi, ndi tsiku limene anagwirizana kukapereka. Ndinkatengera ngakhale mayankhulidwe awo. Loweruka lina ndinayerekeza bambo wa ku Zambia, mmene anaimirira pabalaza pathu, kutulutsa mimba, n'kunena kuti manijala wa hotela ndi mbuzi yovala tayi. Malume anaseka mpaka kutsokomola, nandigulira ayisikilimu wachiwiri. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine mwana wanzeru kwambiri mu Virginia monse.

Sabata imene osewera anabwerera m'bwalo, bambo anafika kunyumba masana, dzuwa likadali pamutu, atanyamula nsapato zawo zakuntchito m'pepala. Anachotsedwa anthu anayi tsiku limodzi: bambo, bambo wa ku Zambia ndi anzawo awiri aja. Chifukwa chimene anawalembera chinali kuchedwa pantchito, chikhalirecho bambo ankafika pamalo okwerera basi basiyo isanatulukire n'komwe. Sabata yomweyo malume anakhala kapitawo wa chipinda chochapira.

Lamlungu lotsatira mpira unalipo koma TV sinayatsidwe. Anabwera bambo wa ku Zambia yekha, ndipo anakana kukhala pansi. Ine ndinali pakapeti, ndikupaka utoto m'buku.

"Ba neba, niuzeni," anatero kwa bambo. "Manijala ananifunsa kuti mbuzi ya tayi ni iti. Aja mau ninakambira muno chabe. Alamu anu sanaliko. Nindani anapereka?"

Mayi anaima pakhomo la khitchini, dzanja lili pakamwa. Ine ndinadzutsa mutu, ndipo mwina ndinamwetulira, chifukwa nthabwala ija ndinkaidziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinawasimbira malume ndipo anaseka kwambiri. Bambo anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanandikalipire ndi maso, anangondiyang'ana, n'kunena modekha kuti ndikathandize mayi kutsuka makapu. Kenako anatembenukira kwa mnzawo uja.

"Ndine ndinalakwa," anatero. "Ndinkayankhula kwambiri kuntchito."

Linali bodza, ndipo linawadyera mnzawo. Bambo wa ku Zambia sanapondenso pakhomo pathu. Tikakumana naye kutchalitchi ankayang'ana kumbali.

Mayi anawaimbira foni malume tsiku lomwelo. Ndinangomva "Achimwene, achimwene," kenako kulira. Atabweza foni anauza bambo kuti achimwene akuti hotela inali itadziwa kale, ndipo iwo anangodzipulumutsa kuti mbumba isagwe yonse pamodzi, ndi mapepala omwe. Mwina malume ankakhulupiriradi zimenezo. Ndayesa zaka zambiri kuwamvetsa ndipo ndalephera. Kugulitsa mlamu ndi nkhani ya akuluakulu, akanathana okha. Koma iwo anatenga chikondi cha mwana wa mlongo wawo, mwana amene mwambo unawapatsa kuti amuteteze, n'kuchigwiritsa ntchito ngati khutu. Zimenezo sindinawakhululukire, ndipo anamwalira ndisanawauze.

Loweruka lotsatira hutala ya galimoto inalira pansi pa zenera lathu, nthawi yake yomwe ija. Ndinathamangira kukavala nsapato. Mayi anadzitsekera kuchipinda. Bambo anali patebulo ndi nyuzipepala, akuzunguliza ndi cholembera malo amene ankafuna antchito. Atamva hutala yachiwiri, anadzuka n'kutenga jekete langa. Anagwada kuti anditsekere zipi. Inawavuta katatu, ndipo ndinawaseka kuti sadziwa kutseka zipi.

"Lero mukakambe za mpira basi," anatero.

Ndinavomera ndi mutu, ndili kale pakhomo. Ndinkaganiza kuti akundikumbutsa chifukwa timu yathu inali itayambanso kupambana. Sindinkadziwa kuti munthu amene wagwada patsogolo pangayo akudziwa bwino lomwe pakamwa pamene panatuluka mayina aja, kuti alibe mphamvu yondiletsa kutsika masitepe, ndiponso kuti watsimikiza mumtima kuti asadzandiuze. Ndinatsika ndikudumpha masitepe awiriawiri, ndikukonzekera kale zoti ndikawasimbire malume.